Intaneti yopanda mwini mmodzi: kodi ingatibwezeredi zinsinsi zathu?

Mayi wina wandilembera imelo ndi funso lalifupi. Mwana wawo wawauza kuti pali intaneti ina imene siili m'manja mwa makampani akuluakulu, kumene munthu amasunga yekha deta yake popanda womusuzumira kapena kugulitsa zinsinsi zake. Akufuna kudziwa ngati n'zoona, ndiponso ngati achoke pa masamba a mchezo amene alipo panopa.

Mayi, mwanditokosa pachilonda, ndiye mundipirire, yankho lanu lichedwako pang'ono.

Zaka zingapo zapitazo kampani ina yaikulu, imene sindiitchula dzina, inanditsekera akaunti. Ndinadzuka bwinobwino, kutenga foni kuti ndione maimelo, n'kupeza uthenga woti akaunti yanga yaimitsidwa chifukwa ndaphwanya malamulo awo. Lamulo lake liti, sananene. Ndinaseka kaye, poganiza kuti pofika masana zikhala zitatha. Kenako ndinayamba kuwerengetsera zimene zinali m'katimo. Maimelo onse a ntchito. Manambala a anthu, amene ndinali nditasiya kalekale kuwalemba pena paliponse. Zolemba zanga zosamaliza. Ndiye munalinso zithunzi za malemu bambo anga, pamodzi ndi kavidiyo kamene ndinawajambula akuseka, miyezi yochepa asanatisiye. Kavidiyo kameneko kanalibe kwina kosungidwa, chifukwa foni imene ndinajambulira inafa, ndipo kampaniyo inkandiuza nthawi zonse kuti zanga zili pabwino.

Choipitsitsa n'chakuti akaunti imeneyi ndi imene ndinkalowera m'maakaunti ena. Mukukadziwa kabatani kaja kamene kamati lowani pogwiritsa ntchito akaunti yanu yakutiyakuti? Ndinkakadina paliponse, monga mmene tonse timachitira, chifukwa n'kosavuta. Itangotsekedwa imodziyo, ena onse anatsatira. Ukati usinthe pasiwedi kwina, amakutumizira uthenga ku imelo yomwe yatsekedwa ija. Umangozungulira pamodzimodzi mpaka mutu kuwawa.

Ndinadzaza fomu yodandaulira. Yankho linabwera nthawi yomweyo, umboni woti palibe munthu amene anaiwerenga. Ndinadzaza ina, yankho lomwelo, mawu omwewo. Nambala yoimbira kunalibe. Potsiriza anandiuza kuti nditumize chithunzi cha chiphaso changa ndi cha nkhope yanga kuti atsimikize kuti ndine ineyo. Taganizani, mayi: kuti ndipezenso zinthu zanga, ndinayenera kuwapatsa zinanso zimene analibe. Ndinatumiza, nanga ndikanatani? Patapita nthawi akaunti inatseguka, popanda pepani, popanda kufotokoza.

Tsiku lomwelo ndinapempha kuti anditumizire deta yonse imene akusunga yokhudza ine. Zimene ndinapeza zinandiumitsa pakamwa. Munali malo amene ndinayendako foni ili m'thumba, tsiku ndi ola lake. Munali chilichonse chimene ndinafufuzapo, ngakhale mafunso amene ndinkalemba pakati pa usiku bambo ali chigonere, okhudza matenda awo, mafunso amene sindinafunsepo ngakhale abale anga. Iwo ankandidziwa mpaka pamenepo, koma ine ndinalephera kupeza munthu mmodzi yekha woti ndilankhule naye.

Apa m'pamene ndinaona kuti mavuto ndi awiri, ndipo anthu otamanda intaneti yopanda mwini mmodzi amakonda kuwasakaniza. Loyamba ndi la mphamvu: ndani angakutsekereni kunja. Lachiwiri ndi la chinsinsi: ndani akuona zanu. Kugawa intaneti kuti isakhale ndi mwini mmodzi kumachiza vuto loyambalo. Lachiwirilo sikulichiza pakokha, ndipo nthawi zina kumalikulitsa.

Sindikunena kuti mwana wanu akulota. Nkhawa yake ili ndi maziko. Mu 2013 Edward Snowden anaulula kuti bungwe la ukazitape la NSA la ku United States linkatenga deta ya anthu kuchokera ku makampani monga Google, Microsoft, Apple ndi Facebook kudzera mu pulogalamu yotchedwa PRISM. Zinali zosavuta kwa iwo chifukwa anthu mabiliyoni anali ataunjika zawo m'malo owerengeka. Mu 2018 kunaphulika nkhani ya kampani ya Cambridge Analytica: kapulogalamu ka mafunso kamene anthu ena anayankha pa Facebook kanakolola deta ya anzawonso, amene sanavomere kalikonse, mpaka anthu okwana 87 miliyoni. Chaka chotsatira Facebook inalipitsidwa chindapusa cha madola 5 biliyoni, koma deta imene inatuluka sinabwerere. Ndipo pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima limodzi kwa maola pafupifupi 6 chifukwa cha kulakwitsa kumodzi m'makina a kampani imodzi.

Chimene chimandinyansa ndi mawu oti intaneti "yatsopano". Siyatsopano. Intaneti inayamba yopanda mwini. Imelo imayendera njira yotumizira makalata yotchedwa SMTP ya mu 1982, n'chifukwa chake munthu wa Gmail amalembera wa Outlook popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Tim Berners-Lee anapanga webu, njira imene timaonera masamba pa intaneti, ali ku bungwe la kafukufuku wa sayansi la CERN, ndipo mu 1993 bungwelo linaupereka kwaulere kwa dziko lonse. Aliyense ankatha kuika tsamba lake pa kompyuta yake. Ndife amene tinasamuka, pang'onopang'ono, kupita kumene kunali kophweka ndi kosalipira, n'kukhala anthu a lendi m'nyumba imene mwini wake ali ndi kiyi wa chipinda chilichonse ndipo angasinthe loko tsiku limene wafuna.

Tsono zimene mwana wanu akunena zilipodi. Mastodon anaiyambitsa Eugen Rochko ku Germany mu 2016. Imaoneka ngati Twitter yakale, koma si kampani imodzi. Ndi maseva masauzande (makompyuta osunga ndi kufalitsa zolemba za anthu), iliyonse ndi woiyendetsa wake ndi malamulo ake, ndipo amalankhulana kudzera mu njira yotchedwa ActivityPub, imene bungwe la W3C, loika miyezo ya webu, linaivomereza mu 2018. Elon Musk atagula Twitter mu October 2022 pa madola 44 biliyoni, anthu ambiri anathawira kumeneko. Ngati woyendetsa seva yanu wakukwiyitsani, mutha kusamukira ku seva ina, otsatira anu n'kukutsatani. Zimene munalemba kale zimatsala, koma anthu anu mumapita nawo. Bluesky, imene inayamba ngati ntchito ya m'kati mwa Twitter mu 2019, ili ndi njira yakeyake yotchedwa AT Protocol, yopangidwa kuti dzina lanu lisamangiriridwe ku seva imodzi, ngakhale anthu ambiri akadali pa maseva a kampani ya Bluesky yomweyo. Ufulu wonyamuka n'kumapita umenewu ndi waukulu. Ndikanakhala nawo nthawi ija, sindikanatumiza nkhope yanga kwa makina.

Koma chinsinsi? Pa Mastodon mauthenga amene mumatumizirana awiriwiri sabisidwa ndi end-to-end encryption, luso lobisa uthenga kuti auwerenge wotumiza ndi wolandira okha. Woyendetsa seva yanu, ndi woyendetsa seva ya mnzanuyo, atha kuwawerenga atafuna. Woyendetsayo kawirikawiri ndi munthu wodzipereka, wogwira ntchitoyi madzulo akaweruka, wopanda maloya, wopanda gulu la akatswiri a chitetezo. Mu 2023 ku United States apolisi a FBI anachita chipikisheni kunyumba ya mmodzi mwa oyendetsa seva ina pa nkhani yosakhudza sevayo, n'kutenga kompyuta imene inali ndi kope losabisidwa la deta ya anthu a pa sevayo. Komanso chimene mwalemba poyera chimakopedwa ku maseva ambirimbiri. Mukachifafaniza, seva yanu imangopempha enawo kuti afafanizenso. Wokana palibe womukakamiza.

Ndiye pali a blockchain. Apa ndiye ndilibe nawo chisoni. Aliyense amene akukuuzani kuti blockchain idzateteza zinsinsi zanu, mwina sakudziwa zimene akunena kapena ali ndi kakobidi kamene akufuna kukugulitsani. Blockchain ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene inayamba mu 2009, ndi kaundula wapoyera: malipiro aliwonse amene anachitikapo aliyense atha kuwaona, mpaka kalekale. Dzina lanu silikhalapo, koma wina akangolumikiza adiresi yanu ya Bitcoin ndi inuyo kamodzi kokha, mbiri yanu yonse ili pambalambanda. Mu 2021 boma la United States linatsatira ndalama za dipo zimene kampani ya Colonial Pipeline inalipira kwa akuba a pa intaneti, n'kulandako mabitcoin 63.7. Ngati mbava zaukadaulo zinalondoledwa chonchi, inu ndi ine tingabisale pati? Chinthu chimene chinapangidwa kuti chisafafanizike ndi malo oipitsitsa oikapo za moyo wa munthu. Munthu amasintha, amalapa, amathawa womuzunza, amafuna kuiwalika. Ndipo zambiri zimene amazitcha Web3, intaneti yomangidwa pa blockchain, zimadutsirabe pa makampani ochepa omwe amalumikiza mafoni a anthu ku blockchain, mfundo imene Moxie Marlinspike, amene anayambitsa pulogalamu ya mauthenga ya Signal, anaifotokoza bwino mu 2022. Iye ananenanso chimene achinyamata a makompyuta safuna kumva: anthu safuna kuyendetsa maseva awoawo.

Ndipo akunena zoona. Zimandipsetsa mtima ndikamva wina akuuza mayi ngati inu kuti "ingoikani seva yanu kunyumba". Seva imafuna magetsi osazima, kukonzedwa pafupipafupi, kope lina lapadera, ndi munthu wodzuka usiku ikagwa. Seva yosasamalidwa imabedwa msanga kuposa ya kampani yaikulu. Ufulu umene ungapezedwe ndi akatswiri okha si ufulu wa anthu, ndi masewera a akatswiri.

Chodabwitsa n'chakuti pulogalamu imene ndimaikhulupirira kwambiri pa chinsinsi ili ndi mwini mmodzi. Signal imayendetsedwa ndi bungwe limodzi losapanga phindu, maseva ake ndi a bungwelo. Koma mu 2016, khoti lina la ku United States litalamula kuti apereke deta ya munthu wina, iwo anapereka zinthu ziwiri zokha: tsiku limene anatsegula akaunti ndi nthawi imene analumikizana komaliza. Zina analibe. Sanakane kupereka, koma sanasunge n'komwe. Chinsinsi chimachokera pamenepo, pa kubisa mauthenga kuti wonyamula asawawerenge, ndi pa kusatolera zosafunika. WhatsApp nayo imabisa mauthenga ndi luso lomweli la Signal kuyambira 2016, koma Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook ndi WhatsApp, imadziwabe zambiri zozungulira mauthengawo: nambala yanu, foni yanu, magulu anu, nthawi imene mumagwiritsa ntchito. Matrix, njira ina yotumizirana mauthenga imene pulogalamu yake yodziwika ndi Element, imayesa kuphatikiza zonse ziwiri, maseva ambiri pamodzi ndi encryption, koma ndinayesa kukokerako anzanga ndipo ambiri anabwerera asanamalize n'kulembetsa komwe.

Nanga Solid?

Berners-Lee yemwe uja ali ndi ntchito yotchedwa Solid, imene inayambira ku yunivesite ya MIT. Maganizo ake ndi akuti deta yanu izikhala m'malo anuanu otchedwa pod, ndipo mapulogalamu azipempha chilolezo choiwerenga, chimene mungachilande nthawi iliyonse. Boma la chigawo cha Flanders ku Belgium layamba kuigwiritsa ntchito. Ndimaikonda kuposa zonse zimene ndatchulazi, chifukwa imalekanitsa deta ndi pulogalamu, kotero kuti kusiya pulogalamu sikutanthauza kusiya zithunzi za bambo ako. Koma pulogalamu imene mwailola kuwerenga itha kukopera n'kusunga kwake, ndipo palibe luso limene lingailetse. Chimene chingailetse ndi lamulo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati makina okha adzatipulumutsa. Lamulo la GDPR la European Union, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limapatsa anthu a kumeneko ufulu wotenga deta yawo n'kupita nayo kwina ndi wopempha kuti ifafanizidwe. Lamulo lina, la Digital Markets Act, likukakamiza mapulogalamu akuluakulu a mauthenga kuti azilola ena kulumikizana nawo. Makampaniwa satsegula okha. Ngakhale Threads, pulogalamu ya mchezo ya Meta, imene inayamba kulumikizana ndi ActivityPub mu 2024, ndimaiyang'ana ndi diso limodzi, chifukwa imelo nayo inali ya aliyense mpaka pamene makampani ochepa anakula moti lero seva yaing'ono ikatumiza kalata, nthawi zambiri imaponyedwa ku spam.

Mayi, ndalankhula zambiri. Musathawe masamba amene muli nawo lero, abale anu ali komweko ndipo sakutsatani. Koma pemphani kope la deta yanu ku kampani iliyonse, monga kudzera pa Google Takeout, ndipo zithunzi zofunika muzisunge pa chipangizo chimene mungachigwire ndi manja. Siyani kulowa paliponse ndi akaunti imodzi. Zimitsani mbiri ya malo amene mumayenda. Nkhani zachinsinsi muzikambira pa Signal. Mukafuna kulawa Mastodon kapena Bluesky, lawani, koma lembani zokhazo zimene mungalole kuti aliyense awerenge. Ndipo wina akati kuti mulowe intaneti ya ufulu muyambe mwagula kobidi la crypto, musamupatse ndalama.