Reguleta ya fani yakale ikugwira pa 4 ndi 5 pokha, ikonzeka kapena titaye?

Bambo wina wa ku Mangochi wandilembera imelo ndipo ndaona kuti ndiyankhe pompano chifukwa kutentha kwayamba ndipo mafani ambiri amene anagona nyengo yozizira yathayi akudzutsidwa tsopano. Akuti m'nyumba ya malemu bambo awo muli fani ya kudenga ya GEC ya zaka za m'ma 1970, yolemera, ya mapiko atatu achitsulo, ndipo pakhoma pali kabokosi kokhala ndi timabowo ndi chopotokola cha manambala 1 mpaka 5, ameneyo ndiye reguleta. Akaika pa 5 imathamanga bwinobwino, pa 4 imayendanso, koma pa 3, 2 ndi 1 kuli zii, ndipo kabokosiko kamatentha mpaka kununkha chopserera. Wa zamagetsi amene anamuitana wati achotse zonse agule yatsopano ya rimoti, nde akufunsa ngati palibe njira ina.

Bambo, fani imeneyo musataye chonde. Zimene mwalembazi zikuonetsa kuti mota ili moyo, chifukwa fani yoti koyilo, waya wokulungidwa mkati mwa mota, yapsa siingathamange pa 5, ndipo mota za nthawi imeneyo zili ndi waya wa kopa weniweni komanso chitsulo chambiri moti zimapirira kutentha kuposa zopepuka zambiri zomwe zadzaza m'mashopu masiku ano. Chomwe chadwala ndi kabokosi ka pakhomako basi, ndipo ndi gawo lotchipa kwambiri pa fani yonseyo.

Musanagwire chilichonse zimitsani magetsi pa meni swichi, osati pa swichi ya pakhoma yokha ayi, chifukwa m'nyumba zakale zina anthu anasinthanitsa mawaya moti swichi imadula nyutulo pomwe laivi ikadali ndi moto wake wa 230 volts. Mukatsegula kabokosiko yesaninso ndi tesita. M'nyumba ya zaka zimenezo mupeza waya wofiira ndi laivi, wakuda ndi nyutulo, wobiriwira ndi wa eti, pomwe mawaya atsopano amakhala a bulauni, a buluu ndi a mizere yobiriwira ndi yachikasu, koma musadalire mtundu wokha, tesita ndi amene anene.

Mukatsegula mupeza chimodzi mwa zinthu ziwiri. China ndi waya wonga sipuling'i wokulungidwa pa kachidutswa ka dothi lowotcha, umenewo ndi waya wa nichrome, womwewo umafiira mu hotipuleti. China ndi kathiransifoma kakang'ono kolemera kokhala ndi timawaya tingapo totuluka m'mbali, amati choke. Malinga ndi kutentha ndi fungo mwanenalo ine ndikuona kuti yanu ndi ya waya wa nichrome. Mmene imagwirira ntchito ndi motere, pa 5 magetsi amadutsa molunjika kupita ku mota osakhudza waya uja, pa 4 amadutsa kagawo kamodzi ka wayayo, pa 3 timagawo tiwiri, kumangowonjezera choncho mpaka pa 1 pomwe amadutsa waya yense ndipo mota imalandira mphamvu yochepa. Timagawo timeneti ndi tolumikizana mondondozana ngati mlatho wa matabwa, thabwa lapakati likathyoka simungafikenso kutsidya. Nde ngati 4 ikugwira koma 3, 2 ndi 1 zafera limodzi, nthawi zambiri waya waduka kapena wamasuka pakati pa 4 ndi 3. Ena mafani awo nambala 1 ndiye yothamanga kwambiri, kwa inu ingotembenuzani zomwe ndanenazi.

Kuti mutsimikize tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, muike pa ohms, magetsi ali chizimire, mawaya awiri a kukhoma mwawamasula. Gwiritsani mbali imodzi polowera ina potulukira kenako muzipotokola. Pa 5 iwerenga pafupifupi 0, pa 4 nambala ikwera, ndipo imayenera kumakwerabe pa 3, 2 ndi 1. Pomwe mita yangoti duu osawerenga kanthu ndi pomwe paduka. Nthawi zambiri simufunanso mita, mumaona ndi maso pamalo pakuda pomwe waya wapsa pafupi ndi sikuluwu.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amatenga sodala kuti alumikize. Sodala sagwira bwino pa nichrome ndipo ngakhale itagwira imasungunuka waya ukatentha, mawa lake vuto labwerera. Ngati waduka pafupi ndi sikuluwu, palani nsonga yake ndi sandipepa mpaka iwale, ikokeni pang'ono muimange pansi pa sikuluwu ndi wochala, mumange zolimba. Waya ufupika pang'ono ndiye 3 izithamanga kuposa kale pang'ono, palibe vuto. Ngati waduka pakati penipeni mungalumikize ndi kabawuti kakang'ono ndi nati kapena kachubu ka kopa kofinya ndi pulayala, koma wayayo akakhala woti ukamugwira akungoyoyoka, wachita dzimbiri malo ambiri, musalimbane naye, watha ameneyo. Kenako yang'anani chopotokolacho, kumbuyo kwake kuli kamkono ka kopa komwe kamakhudza timitu tachikasu, timeneti timada ndi mwaye ndipo kukhudzana kukakhala kofooka pamatuluka tizimoto, fungo lopserera lija nthawi zambiri limachokera pamenepo. Pukutani ndi sandipepa yosalala, tsirani contact cleaner, mankhwala opopera otsukira polumikizana magetsi, pindani kamkonoko pang'ono kuti kazikanikiza bwino. Musathire oyilo wa galimoto kapena girisi wamba pamenepo.

Chinthu china chomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi nkhani ya thanzi lanu, mareguleta ena akale anawaika kachipepala kotuwa kolimba kumbuyo kwa waya kuti khoma lisapse, ndipo kena mwa iko ndi asibesitosi. Mukakaona musakapale, musakathyole, musauzire ndi pakamwa kuti fumbi lichoke, fumbi lake likalowa m'mapapo limabweretsa matenda pakapita zaka zambiri. Ngati kayamba kuyoyoka, reguleta yonseyo ikani mu jumbo mumange, mugule ina.

Tsopano za kugula ina, apa ndi pomwe ndikufuna musamale kwambiri. M'mashopu a hadiweya ku Limbe, ku Malangalanga kapena pa Mangochi pomwepo mukati ndikufuna reguleta angakupatseni kaja kozungulira mosalala ngati voliyumu ya wailesi. Kameneko mkati muli triac yomwe imadula magetsi m'tizidutswa, ndipo pa fani yakale mumva kulira kwa mmmm usiku onse makamaka mukachepetsa liwiro, mota nkumatenthanso. Dimmer, yochepetsera kuwala kwa mababu, ndiye ayi ndithu, sanaipangire mota. Funani ya masitepe, yomwe ukapotokola imati kha kha kha, mkati mwake muli makapasita, tizipangizo tosunga moto wa magetsi. Imeneyi siitentha, siiliza mota, ndipo siidya mayunitsi pachabe, pomwe ya nichrome ija mukaika pa 1 gawo lina la magetsi limangosanduka kutentha pakhoma, m'chipinda chomwe mukufuna chizizire, ku Mangochi mu Okutobala. Kulumikiza nkosavuta, mawaya ndi awiri okha, wochokera ku swichi ndi wopita ku fani. Ngati mukulikonda bokosi lakalelo chifukwa ndi la bambo anu, ndipo ine ndikumvetsa zimenezo, yatsopanoyo ndi yaying'ono moti imatha kulowa mkati mwa bokosi lakale, kunja nkumaonekabe momwe analisiyira.

Koma dziwani kuti mareguleta a makapasitawa anapangidwira mafani a masiku ano a ma watts 60 mpaka 80, ndipo fani yakale yolemera ikhoza kumayenda mochedwa kwambiri pa 1 kapena kukana kunyamuka. Mota yomwe ili ndi magetsi koma yaima imatentha mpaka koyilo kupsa, nde zikatero musamagwiritse 1, ndipo zoloweleni kuyatsira pa 5 kenako nkumatsitsa ikanyamuka.

Kwa ena amene mukuwerenga, omwe fani yanu ikuyenda mwaulesi pa manambala onse ngakhale pa 5, kapena mpaka muikankhe ndi ndodo ya tsache kuti iyambe, vuto lanu nthawi zambiri si reguleta. Yesani chonchi, magetsi atazima masulani mawaya awiri a pa reguleta muwalumikize pamodzi mu konekita, yatsani. Ikathamanga ndiye kuti reguleta ndi yolakwa, ikakhalabe yaulesi kwerani kumwamba mukaone kapasita yomwe imakhala pamwamba pa mota pansi pa kachikho kophimba mawaya. Mafani ambiri a mainchesi 48 ndi 56 amagwiritsa ya 2.5 µF, koma werengani zolembedwa pa yakaleyo mugule yofanana, ya 400 kapena 440 volts AC. Pali chizolowezi choika yaikulu, ya 4 µF, kuti fani izithamanga kwambiri, ithamangadi koma koyilo yake imalandira moto woposa muyezo ndipo siikhalitsa. Kapasita imasunga moto ngakhale mwazimitsa, gunditsani miyendo yake iwiri ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki musanaigwire. Ikakhala yakale ya chitini chachitsulo ndipo ikudontha mafuta valani magolovesi, makapasita ena opangidwa 1980 isanafike anali ndi mafuta a PCB omwe ndi poizoni, osawawotcha pa dzala.

Poti mwakwera kale makwerero, bambo, zunguzani mapiko ndi dzanja. Akuyenera kuzungulira okha kwa kanthawi mwakachetechete, akamalira kuti gwedegwede kapena kuima msanga ndiye kuti mabering'i auma, ambiri amakhala 6201, 6202 kapena 6203 ndipo nambala imalembedwa m'mbali mwake, amapezeka kwa ogulitsa masipeya a njinga zamoto. Onaninso bawuti yomwe yagwira chitsulo cholendewera kudenga, kuti nati ndi kapini kake zilipo ndipo labala siinang'ambike, chifukwa fani yolemera ngati imeneyo ili pamwamba pa anthu ogona. Ngati kugwira mawaya kukukuopsani itanani wa zamagetsi wina mumuonetse zomwe ndalembazi, mumuuze ayambe wayeza pakati pa 4 ndi 3 inu muli pomwepo.