Musanaode oyilo wa majenereta, yambani mwadziwa injini yake

Achimwene, mwafunsa kuti ife amene timaoloka malire kukapikula majenereta ang'onoang'ono timasankha bwanji oyilo woyenda nawo, komanso ngati geni imeneyi ili ndi phindu. Phindu lilipo, koma lambiri silili pa jenereta yeniyeniyo. Jenereta munthu amagula kamodzi n'kutha zaka osamuonanso. Oyilo ndiye amam'bweretsa kwa inu miyezi ingapo iliyonse, bola woyamba uja munam'patsa woyenera. Mukam'patsa wolakwika abweranso ndithu, koma atasenza jenereta yonoka injini, akufuna ndalama zake.

Dziwani kaye kuti majenereta ambiri atsopano amachoka ku fakitale opanda oyilo mu injini, kuopa kuti angatayikire m'katoni panjira. Ambiri ali ndi kachida kamene kamaletsa injini kulira oyilo akachepa. A Honda amakatcha Oil Alert. Wogula amafika kunyumba, kuthira petulo, kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa, kenako kukuimbirani kuti mwam'gulitsa yakufa. Amene wagula yopanda kachidako ndiye watsoka zedi, chifukwa imalira bwinobwino kwa kanthawi kochepa kenako n'kuuma. N'chifukwa chake ine sindilola jenereta kutuluka popanda botolo la oyilo pambali pake.

Tsono funso loyamba kwa wogula aliyense likhale lakuti injini yake ndi yamtundu wanji. Timajenereta tating'ono kwambiri tija tolembedwa 950 ndi ta 2-stroke. Timeneti tilibe pothira oyilo payekha, oyilo wake ndi wa 2T ndipo amasakanizidwa ndi petulo. Muyezo wodziwika ndi 50:1, ndiye kuti mamililita 20 pa lita imodzi ya petulo, ngakhale ndi bwino kuona zimene zalembedwa pa thanki kapena m'kabuku kake. Majenereta a dizilo amafuna oyilo wa dizilo, kawirikawiri 15W-40 wokhala ndi chilembo C, monga CF kapena CI-4. Koma makasitomala ochuluka ali ndi ya petulo ya 4-stroke, yokhala ndi pothira oyilo payekha, ndipo mpamba wanu wambiri ulowe kumeneko.

Pa botolo pamakhala zolemba ziwiri zofunika, zina zonse ndi zokopa maso chabe. Choyamba ndi nambala ya SAE, yonena kulimba kapena kupyapyala kwa oyilo. Pa 10W-30, nambala yokhala ndi W ikunena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira, ndipo 30 ikunena kulimba kwake injini ikatentha. SAE 30 yekha, wopanda W, ndi wa malo otentha. Kampani ya Honda imalimbikitsa 10W-30 pa mainjini ake a GX, amene opanga ena ambiri anatengerako kapangidwe. Kampani ina ya mainjini, ya Briggs & Stratton, imati SAE 30 ndi woyenera nyengo yofunda, ndipo imachenjeza kuti kunja kukatentha kupitirira madigiri 27, 10W-30 amatha msanga mu injini, choncho azionedwa pafupipafupi. Chachiwiri ndi zilembo za API, zonena muyezo wa ubwino wa oyilo. Za petulo zimayamba ndi S, ndipo chilembo chachiwiri chikapita patsogolo ndiye kuti oyiloyo ndi wa muyezo watsopano: SL anabwera mu 2001, SN mu 2010, SP mu 2020. Mabuku ambiri a majenereta amati SJ kapena woposerapo. Mukaona botolo lolembedwa SA kapena SB, lisiyeni pomwepo ngakhale litatchipa chotani.

Mudzakumana ndi anthu okakamira 20W-50, amati oyilo wolimba ndiye wamphamvu. Maganizo anga ndi akuti pa injini yokalamba, yoyamba kufuka utsi, angathandizeko, koma pa yatsopano ayi. Mainjini amenewa ambiri alibe pampu ya oyilo. Muli kachitsulo kamene kamamwaza oyilo m'kati injini ikamazungulira, ngati munthu wowaza madzi ndi dzanja pabwalo asanasese. Oyilo akalimba kwambiri amachedwa kufika m'malo mofunika, makamaka polizira m'mawa. Komanso injiniyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira mphepo basi, pomwe ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti itulutse magetsi a 50 Hz, osapumira monga galimoto ikaima pa maloboti a pamsewu. Ambiri alibenso fyuluta ya oyilo, ndiye zinyalala zonse zimasambira momwemo. Apa mpamene pagona malonda anu: oyiloyu amafunika kusintha pafupipafupi. Honda imati koyamba asinthidwe pakatha maola 20 kapena mwezi umodzi, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. Briggs & Stratton imati koyamba pa maola 5, kenako pa maola 50. Munthu woliza jenereta tsiku lililonse pa bizinesi yake amakwanitsa maola 100 mwezi usanathe.

Oyilo wolembedwa kuti synthetic ndi wabwino, amapirira kutentha, koma ndi wodula ndipo samayenda malonda msanga. Tengani wochepa wa anthu oudziwa kale.

Kukula kwa mabotolo nakonso muziganizire musanaode. Injini ya GX160 kapena GX200 imalowa malita 0.6, ya GX390 imalowa 1.1. Choncho botolo la lita imodzi ndilo limathamanga. La mamililita 500 limaperewera pang'ono, ndipo la malita 5 limagwira mpamba wanu nthawi yaitali pokhapokha ngati mumagulitsa kwa amakaniko. Muwauzenso ogula kuti otsalawo asathire onse pofuna kumaliza botolo. Oyilo akasefukira amalowa mu fyuluta ya mpweya, injini n'kuyamba kufuka utsi wabuluu ndi kudetsa pulagi. Jenereta iikidwe pamalo osapendekeka, ndipo pa mainjini a mtundu wa Honda kamtengo koyezera kaja kamangolowetsedwa osapotokola.

Za pa boda n'zachidule. Sungani malisiti onse, lengezani katunduyo mmene alili, ndipo funsiranitu za msonkho ndi zilolezo musanagule chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa mafuta. Pa mapepala a kasitomu oyilo wa injini amagwera pa nambala 2710, majenereta pa 8502. Makatoni aime chilili, zivindikiro kumwamba, ndipo asagundane ndi zovala kapena zakudya za anzanu m'basi. Botolo limodzi likaphulika mkangano wake sutha msanga.

Choopsa chenicheni ndi oyilo wachinyengo. Alipo anthu amene amatolera mabotolo otha, kusefa oyilo wakale n'kuthiramo. Onani kamkombero ka pansi pa chivindikiro ngati sikanadukepo, chizindikiro chomata ngati sichinapendame, ndi nambala ya batch (yodindidwa ku fakitale) ngati ikuwerengeka. Gulani botolo limodzi kaye, mulitsegule pomwepo, mudonthezere papepala loyera. Watsopano amakhala woyera ngati golide wowala, wosefedwayo amasiya kadontho kakuda pakati ndipo amanunkha kupserera. Wogulitsa akakana kukulemberani lisiti yokhala ndi dzina la kampani yake, pitani kwina ngakhale kukhale kodulirapo.