Wansembe wa Moradin si wapolisi wa ndevu

Wowerenga wina walemba kuti akuyamba kusewera Dungeons & Dragons, masewera a pa tebulo amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, ndipo akufuna kukhala wansembe wa Moradin, mulungu wa ma dwarf, anthu aafupi a ndevu a m'masewerawo. Sakudziwa ngati atenge Knowledge kapena Forge (nthambi ziwiri za unsembe, ya nzeru ndi ya kusula), ndiye anzake amuopseza kale kuti wansembe wotere amatopetsa pa tebulo. Mawu omalizawo ndi amene andiyabwa.

Amatopetsa chifukwa ambiri amamusewera ngati wapolisi. Akangoona kuti pa pepala palembedwa lawful good (womvera malamulo ndi wamtima wabwino), basi, ntchito yake ndi kuletsa anzake: musabe, musaname, musathyole chitseko. Moradin sali choncho. Kuyambira pamene adaonekera m'buku la Deities & Demigods mu 1980, iye ndi mmisiri wosula. Nthano yake imati adasula ma dwarf oyamba kuchokera ku zitsulo ndi miyala ya mtengo wapatali, ndipo powauzira kuti azizire ndi pamene mzimu udalowa mwa iwo. Nchifukwa chake amatchedwa Soul Forger, ndipo chizindikiro chake ndi nyundo ndi chitsulo chosulirapo, osati unyolo wa ndende. Lamulo lake ndi la pa chipala: chitsulo chimenyedwe chikadali chofiira, ntchito yoyambidwa imalizidwe, mmisiri asagulitse nkhwangwa imene akudziwa kuti ili ndi mng'alu mkati. Wansembe wake angathe kungoyang'ana kumbali mnzake akamatsegula loko wa mdani. Chimene sangapirire ndi lonjezo losweka, kapena mlatho womangidwa mwachinyengo.

Komanso musamusenzetse katundu wa banja lonse la milungu ya ma dwarf. Zoona ndi za pakhomo zili kwa mkazi wake, Berronar Truesilver. Kufufuza ndi kuyesayesa zatsopano ndi kwa Dugmaren Brightmantle, amene sakhala nawo phee malamulo. Umbombo ndi wa Abbathor, ndipo Laduguer, mulungu wa ma duergar (ma dwarf ankhanza a pansi pa nthaka), adachotsedwa m'gululo. Laduguer ndiye wofunika kumulabadira, chifukwa nayenso ndi wa ntchito ndi malamulo okhwima, kungoti kwa iye ntchito ndi ukapolo wopanda chimwemwe. Amene amasewera wansembe wa Moradin mokwinya nkhope nthawi zonse, mosadziwa akusewera wa Laduguer.

Pa milandu, ambiri amathamangira zone of truth, matsenga oletsa munthu kunena bodza, ngati kuti yathetsa zonse. Ayi. Imagwira mphindi 10, mkati mwa mafiti 15 kuchokera pakati, ndipo aliyense amaponya Charisma save, ndiko kuponya dayisi poyesa kukana matsengawo. Inu mumadziwa amene wapambana ndi amene walephera, koma wolepherayo amadziwanso kuti wagwidwa, ndiye angathe kukhala chete kapena kuzungulira funso osanena bodza. Mukamufunsa kuti "kodi unaba golide?" amene adangonyamula thumba lobedwa ndi mnzake adzati ayi, ndipo sananame. Funsani ngati mmisiri woyeza ntchito: unali kuti usiku uja, thumba unalilandira kwa yani, unalisiya pati.

Tsono Knowledge kapena Forge?

Apa ndikunena malamulo a 2014. Mu Player's Handbook, buku la malamulo a osewera, ya chaka chimenecho, Moradin adapatsidwa Knowledge, poti Forge idabwera mu 2017 ndi buku la Xanathar's Guide to Everything. Knowledge imakupatsani zilankhulo ziwiri, ndi luso lowirikiza kawiri pa ziwiri mwa Arcana, History, Nature ndi Religion, koma simuvala zida zolemera. Forge imakupatsani zida zolemerazo ndi zipangizo zosulira pa level 1. Ine ndikuti Forge, mosakayika, pokhapokha ngati DM wanu, woyendetsa masewerawo, wakonza nkhani ya kufufuza zolemba zakale.

Tengani mtundu wa hill dwarf: Constitution (kulimba kwa thupi) imakwera ndi 2, Wisdom (luntha) ndi 1, ndipo mumaonjezera hit point (mlingo wa moyo) imodzi pa level iliyonse. Chain mail, chovala cha unyolo wachitsulo, ndi AC 16 (AC ndi mlingo wa chitetezo), chishango chiwonjezera 2, Blessing of the Forge, dalitso la wansembe wa Forge, pa chovalacho iwonjezera 1, ndiye muli pa 19 tsiku loyamba. Chain mail imafuna Strength 13, koma dwarf sachepa liwiro ndi zida zolemera, ndiye mafiti anu 25 sakhudzidwa. Posankha luso la mtundu wanu musatengenso zosulira, mwazipeza kale. Tengani za umisiri wa miyala. Dalitso la Blessing of the Forge lija ndi la chinthu chimodzi chokha, chopanda matsenga, mukatha kupuma kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zambiri limapindula kwambiri pa lupanga la mnzanu mukakumana ndi chilombo chimene zida wamba sizichilowa bwino.

Pamene pamabuka mikangano ndi pa Artisan's Blessing, mwambo wa pa level 2 umene wansembe wa Forge amapangira chinthu. Mwambowo umatenga ola lathunthu. Chinthu chopangidwacho chisapitirire mtengo wa 100 gp (makobidi a golide), chikhale ndi chitsulo, ndipo muyenera kuyala pansi zitsulo kapena makobidi a mtengo wofanana, zimene zimathera momwemo. Si njira yolemerera. Chain mail ya 75 gp itheka. Plate, chovala chachitsulo chophimba thupi lonse, ya 1,500 gp iwalani. Kiyi mungamukope, koma weniweniyo akhale m'manja mwanu nthawi ya mwambowo, osati kungomukumbukira maonekedwe. Mukafuna kusula plate ndi manja, lamulo ndi ntchito ya 5 gp pa tsiku, zipangizo za theka la mtengo, kutanthauza masiku 300 muli nokha. Funsani DM msanga ngati nkhani yake ili ndi mpata wotero, musanayambe kulota.

Za kutopetsa zija, musanafike pa tebulo lembani malumbiro atatu okha, aafupi, ndipo muwawerengere anzanu pa tsiku loyamba. Mwachitsanzo: sindisiya ntchito ya theka, sindiswa mawu amene ndapereka nditagwira nyundo, sindisungunula chosula cha mmisiri wina popanda kutchula dzina lake. Zina zonse zisiyeni. Lachitatulo DM wabwino adzalikonda, chifukwa tsiku lina mudzasowa zitsulo za Artisan's Blessing, ndipo chokhacho chimene chidzakhale pafupi ndi chisoti chakale chimene chidindo cha wochisula chidafufutika.