Kulembera phungu za malire a pa nyanja

Achimwene, mwafunsa momwe mungalembere a phungu athu kuno ku Nkhotakota kuti aime pachilungamo pa mkangano wa malire a nyanja ya Malawi ndi Tanzania. Kalata isapyole tsamba limodzi, ndipo mbali zonse ziwiri zimveke. Malawi imatsamira pa pangano la Heligoland la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, loika malire m'gombe la kum'mawa. Tanzania ikufuna malire adutse pakati pa nyanja, monga zinakhalira kumbali ya Mozambique mu 1954.

Muwapemphe chimodzi chokha: afunse mu Nyumba ya Malamulo kuti zokambirana zomwe ankatsogolera a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, zinathera pati. Mawu onyoza Atanzania asakhalemo, chifukwa zinthu zikavuta, oyamba kumangidwa amakhala asodzi a usipa. Mafumu ndi makomiti a asodzi asayine, kenako mukaipereke pamanja, kope lina musunge.