Nthawi yokasumira ngozi ya galimoto ku Florida

Achimwene, musazengereze. Muli ndi zaka ziwiri zokha zokasumira kukhoti kuchokera tsiku la ngoziyo, osati zinayi monga anakuuzirani anzanuwo. Za zaka zinayizo zinatha pa 24 Malichi 2023, tsiku lomwe bwanamkubwa wa dera la Florida ku America, Ron DeSantis, anasainira lamulo la HB 837. Poti yanuyo inachitika chaka chatha, ikuyendera lamulo latsopanoli.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: khoti likapeza kuti kulakwa kwanu pa ngoziyo kukuposa 50 peresenti, simulandira chipukutamisozi ngakhale khobidi. Kale munthu ankapatsidwabe kangachepe. N'chifukwa chake a inshuwalansi amalimbikira kukankhira mlandu kwa inu. Ine atandigunda kumbuyo pa maloboti, a inshuwalansi anandiimbira mawa lake ndi mawu okoma, kufuna ndivomere kuti ndinaima mwadzidzidzi. Zinandipulumutsa ndi zithunzi zomwe ndinajambula pafoni magalasi ali mbwee pamsewu, komanso lipoti la apolisi.

Sungani malisiti onse akuchipatala. Ndipo chonde, musasaine chikalata chilichonse cha inshuwalansi musanaonane ndi loya wa milandu ya ngozi wa ku Florida komweko. Ambiri salipiritsa pokambirana koyamba, amadzatenga gawo lawo mlandu ukakukomerani.