Funsani Aphunzitsi: Mwana wanga wasanduka sing'anga wa mafoni

FUNSO

Aphunzitsi, ndine mlimi wa fodya kuno kwa Chamama. Mwana wanga wachisamba ali Fomu 3 pa sukulu yoyendera. Chiyambire tsiku lomwe anamasula foni ya amayi ake yomwe inagwera m'ndowa n'kuidzutsa, mudzi wonse ukubwera ndi mafoni pakhomo panga. Loweruka amakaswera pa kashopu ka mnzake kumsika, kubena nyimbo ndi kuflasha mafoni. Masamu atsika kwambiri. Tsopano akuti sukulu ikumuchedwetsa, ndikagulitsa fodya ku Chinkhoma ndimugulire laputopu akatsegule pake ku boma. Ndikamuyankhula amanditchulira William Kamkwamba, ati nayenso anasiya sukulu. Amalume ake akuti ndingomulanda foniyo. Ine ndinkafuna adzakhale namwino kapena mphunzitsi, ntchito zomwe ndimaziona ndi maso. Kodi zamakompyutazi munthu n'kudyera? Nditani?

Bambo wodandaula, Chamama

YANKHO

Bambo, foni musamulande, laputopu musamugulire chaka chino, ndipo sukulu asasiye. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngati tsambali litengedwe kukakulungira usipa musanafike kumapeto, mukhale mutamvako.

Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri kuno ku Kasungu. Sukulu ina yomwe ndinali italandira makompyuta akale kuchokera kwa akufuna kwabwino, ahedi anandipatsa kiyi wa chipindacho, chifukwa pa aphunzitsi tonse ndine ndekha ndinkadziwa poyatsira. Ndiye anyamata ngati wanuyu ndawaona. Mmodzi ndinamulakwira. Bambo ake, mlimi wa fodya ngati inu, anabwera kudzandifunsa funso lanu lomweli, ine mosangalala n'kunena kuti gulani, mwanayu ali ndi mutu. Anakagula ku Lilongwe, yogwirapo kale ntchito. Pofika mwezi wa Okutobala laputopu ija inali itasanduka kanema wa mudzi, ana akulipira pakhomo kudzaonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, batire akutchaja pa sola ya golosale. Mnyamatayo MSCE sanakhoze. Ndinamupatsa khasu osamuonetsa munda, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi bambo akewo ndimawapatsa moni mwamanyazi.

Za Kamkwamba mumuuze mwanayo kuti nkhani aimve yonse. N'zoona, William ndi wa kwathu konkuno, kwa Wimbe, ndipo makina ake amphepo opanga magetsi anawapanga ali pakhomo, ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Koma sukulu sanasiye pofuna. Inali nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, makolo analibe fizi. Atakhala pakhomo sanapite kukaswera kumsika, ankapita ku kalaibulale kukawerenga mabuku a sayansi a Chingerezi chomwe ankachimva movutikira. Mwayi utangopezeka anabwerera m'kalasi, anakaphunzira ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America komwe anamaliza mu 2014. Mwana wanu ali ndi bambo woti angathe kulipira fizi. William akanaupeza mwayi umenewo sakanautaya.

Tsopano funso lanu loti kodi munthu n'kudyera. Inde, ndipo ntchito zake mumaziona ndi maso, kungoti eni ake simuwaona. Mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pali anthu omwe analemba malangizo oti makina achotse kwa inu, aike kwa mnzanu, osasokoneza ngakhale tambala. Pali ena amene amadzutsidwa usiku netiweki ikagwa. Chiphaso chaunzika chomwe tinajambulitsa mu 2017, chomwe ogulitsa feteleza wotsika mtengo amachiwerenga ndi foni, chili ndi anthu osamala kaundula wake. M'zipatala zambiri zaboma, makamaka kolandirira ma ARV, muli makompyuta odina ndi chala omwe mapulogalamu ake analembedwa ku Lilongwe ndi Amalawi a bungwe la Baobab Health Trust. Ngakhale pa bwalo la ndege la pa boma pathupa, mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesererapo tindege topanda woyendetsa tija, ma drone, tomwe tinkaloledwa kuuluka mpaka makilomita 40 mbali zonse. Ambiri tinkangoyang'ana kumwamba n'kumaseka. Mu 2020 kunatsegulidwa sukulu yake ku Lilongwe, African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti komanso kuwerenga zithunzi zomwe timajambula. Amene amalowa kumeneko ndi oti sukulu anapita nayo patali.

Koma chenjerani apa. Kukonda foni ndi kudziwa kompyuta ndi zinthu ziwiri. Mwana aliyense masiku ano amadziwa kudina. Kubena nyimbo ndi kukopera chabe, angathe ndi wa Sitandade 5 yemwe. Kuflasha foni nthawi zambiri n'kutsatira zomwe wina anaonetsa pa YouTube. Chomwe chandigwira mtima m'kalata yanu ndi foni yogwera m'ndowa ija, chifukwa pamenepo mwanayo anayenera kuganiza: madzi alowa pati, chafa n'chiyani, ndiyambe kuyesa chiti. Mtima umenewo ndi womwe umafunika. Tiyeni tiuyese tione ngati ulipodi.

Mupatseni ntchito ya pakhomo panu. Muli ndi kope lomwe mumalembamo za fodya, kapena mwina zonse zili m'mutu. Muuzeni kuti chaka chino mlembi ndi iye. Pa foni yakeyo aike Google Sheets kapena Excel, mapulogalamu olembamo ndi kuwerengera manambala, zonse zimagwira pa foni, ndipo alembe chilichonse: matumba a feteleza ndi mtengo wake, aganyu, mitengo ya chigafa, ziguduli, thiransipoti ya ku Chinkhoma. Mabelo akagulitsidwa alembe kulemera kwa belo lililonse, mtengo pa kilo m'madola, zomwe adula pa pepala la okushoni, ndiye makinawo awerengere okha kuti m'makwacha mwatsala ndi zingati, ndiponso kuti kilo imodzi yakudyerani ndalama zingati kuilima. Asawerengere pambali n'kumangolembamo mayankho, ayi. Auze makinawo njira yowerengera, kuti mtengo wa dola ukasintha, iye asinthe nambala imodzi yokha, zina zonse zisinthe zokha. Akatha zimenezo afunse amayi ake za banki m'khonde yawo, masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, awakonzere chimodzimodzi. Kumeneko ndiye kuli mayeso enieni, chifukwa amayi a banki m'khonde salola kuti K50 isowe.

Inu muzingomuyang'ana. Akachita masiku awiri n'kunena kuti n'zotopetsa, n'kubwerera ku waya ndi chowotcherera, musakhumudwe. Ndiye kuti luso lake lili m'manja, ndipo njira yake ilipo, makoleji a ntchito zamanja omwe amayang'aniridwa ndi TEVETA, komwe amaphunzitsa zamagetsi, zokonza zipangizo, ena ndi za ICT zomwe. Wokonza mafoni wophunzira amadziwa kuyeza bolodi n'kupeza kachipangizo komwe kapsa, pomwe wongoonera amangosintha sikirini ndi batire, zikakanika n'kunena kuti foniyi yafa. Koma mukamuona usiku akukanda mutu chifukwa nambala sizikugwirizana ndi pepala la okushoni, akukana kugona mpaka apeze pomwe palakwika, ameneyo ndi wolemba mapulogalamu. Mugulireni bandulo atsitse kapulogalamu kotchedwa Pydroid 3, komwe kamalola munthu kulemba chiyankhulo cha makompyuta cha Python pa foni ya Android, ndipo akayese kulemba yekha zomwe Excel imamuchitira zija. Sikirini ndi yaing'ono, zala zimatopa, koma zimatheka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito imeneyi ndaisankha dala, chifukwa imukokera ku masamu iye osadziwa. Maperesenti, ma formula, x ndi y zomwe akuzithawa m'kalasizo, azipeza zitamudikirira m'mabelo a bambo ake. Ndipo masamuwo sangawazembe. Kuti munthu aganiziridwe ku mayunivesite aboma, kudzera ku bungwe la NCHE loyang'anira maphunziro apamwamba, amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, Chingerezi chili pomwepo, ndipo kirediti ndi giredi 6 kupita kumwamba mpaka 1. Maphunziro a makompyuta amafunanso masamu amphamvu, kaya ndi ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre komwe tinkati Poly, ku UNIMA ku Zomba kapena ku Mzuni. Kungokwanitsa makirediti sikokwanira chifukwa ofuna malo ndi ambiri, mapointi ayenera kukhala otsika. Chingerezi nachonso asachipeputse. Kompyuta ikakana kugwira ntchito imadandaula m'Chingerezi, ndipo mayankho ake amapezeka m'Chingerezi.

Ali Fomu 3, ndiye nthawi ikadalipo. Ndalama zomwe mukanagulira laputopu gawani: fizi ya Fomu 4, mabuku a masamu ndi Physics, mapepala a mayeso akale a MANEB, ndi nyale ya sola yowerengera. Mumuuze poyera pamaso pa amayi ake ndi amalume ake kuti laputopu ikubwera tsiku lomwe abweretse kirediti ya masamu. Lonjezo limenelo mudzalisunge, chifukwa ana amakumbukira.

Za kashopu kamnzake, Loweruka lokha apite, nditero ine, ndipo pali chimodzi choti mumukhalire pansi. Mwa mafoni obwera kudzaflashidwa, ena ndi obedwa. Munthu akabwera ndi foni yokhoma n'kumati ndaiwala pasiwedi, koma sakudziwa ngakhale nambala imodzi yomwe ili m'menemo, mwanayo akane. Apolisi akamalondola foni amafikira kwa amene anaitsegula. Palinso anyamata ena oti akaona mnzawo wochenjera pa foni amamukopa kuti azitumiza nawo mauthenga onama aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa makina ndi pa intaneti, ndipo mlandu wotere umatseka zitseko za mabanki ndi makampani a mafoni, komwe kuli ntchito zomwe iye akuzilota.

Amalume ake musawatsutse pagulu, ali ndi mawu pa mwanayo. Apempheni kuti akhale woyamba kubweretsa kope lawo la soya kapena mtedza kuti mphwawo awawerengere.

FUNSO

Aphunzitsi, ndili Fomu 4 kuno ku Mchinji. Pa sukulu yathu palibe kompyuta ngakhale imodzi ndipo sitiphunzira Computer Studies. Ine ndimakhoza masamu ndi Physics ndipo ndimafuna kudzaphunzira zamakompyuta, koma anzanga akuti ndidzakachita manyazi pakati pa ana a m'tauni, komanso kuti imeneyo ndi ntchito ya anyamata. Ndisinthe maganizo?

Mtsikana wa kwa Mkanda

YANKHO

Usasinthe, mwanawe. Uli ndi chovuta kupeza, ukusowa chosavuta. Kutaipa, kusunga fayilo ndi kugwira mbewa ya kompyuta munthu amaphunzira m'milungu yochepa, pomwe masamu omwe uli nawowo anzako a m'tauni ena akuwalirira. Ku yunivesite amayambira pachiyambi, podziwa kuti ambiri mwa ophunzira achokera m'sukulu ngati yakoyo. Mwezi woyamba uzidzataipa ndi zala ziwiri ena akuseka, zimenezo ndisakunamize. Pofika pa phunziro la algorithms, lomwe ndi kuyala njira yothetsera vuto sitepe ndi sitepe monga umachitira pa masamu, oseka aja adzayamba kubwereka kope lako.

Zoti ndi ntchito ya anyamata uwafunse anzakowo kuti mHub ya ku Lilongwe, malo oyamba m'dziko muno ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu ndi kuyambitsa mabizinesi a luso lamakono, anayambitsa ndani. Ndi mayi, Rachel Sibande.

Pakadali pano mtima wako wonse ukhale pa MSCE, ndipo Chingerezi usachisiye m'mbuyo, chagwetsa ana ambiri amasamu omwe ndinawaphunzitsa. Ukamaliza mayeso, m'malo mongokhala kudikira zotsatira, pita pa boma kapena pa Kamwendo, upeze malo otaipa makalata ndi kupanga fotokope, upemphe kuti uziwathandiza ngakhale osalipidwa, bola uzigwira kiyibodi tsiku ndi tsiku. Upite ndi amayi ako kapena achemwali ako tsiku loyamba kuti eni malowo adziwe kuti uli ndi kwanu. NCHE ikalengeza kuti anthu ayambe kufunsira malo, werenga bwino zomwe pulogalamu iliyonse ikufuna chaka chimenecho usanasankhe, ndipo usaike maso pa yunivesite imodzi yokha. Ukasankhidwa fizi n'kukhala yovuta, pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mafomu ake amafuna umboni wa momwe zilili pakhomo panu, ndiye chiphaso chako ndi mapepala a makolo uyambe kusonkhanitsa msanga.