Mapasa a Einstein: ndani kwenikweni amene amakalamba msanga?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wa fizikisi ku sekondale. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ophunzira anga andipanikiza pa nkhani ya mapasa. Mabuku akuti amene wapita ndi roketi pa liwiro lalikulu amabwerako ali wamng'ono poyerekeza ndi mnzake wotsala. Koma mabuku omwewo akutinso palibe amene anganene kuti iye ndiye waima, akuyenda ndi mnzake. Nanga wa m'roketi uja bwanji osanena kuti dziko ndi limene linachoka n'kubwerera, ndiye wamng'ono akhale wotsala uja? Kodi wotchi imachedwadi, kapena zimangooneka choncho? Ndipo special ndi general relativity zikusiyana pati?"

Zikomo aphunzitsi. Anawo musawakalipire, afunsa bwino. Funso lomweli lakhala likuzunguza anthu mitu kuyambira 1911, pamene Paul Langevin anafotokoza za munthu wopita ulendo wautali n'kubwerera. Vuto lili pa mawu ochepa amene mabuku ambiri amawadumpha, ndiye tiyambe ndi amenewo.

Mu 1905 Albert Einstein, ali ndi zaka 26 ndipo akugwira ntchito ku ofesi ya ma patent ku Bern, anamanga special relativity pa mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakale, Galileo anailemba kale mu 1632: ukakhala m'chipinda chotseka cha sitima imene ikuyenda molunjika, pa liwiro losasintha, palibe chimene ungayese m'chipindamo chokuuza kuti ukuyenda. Mpira ugwa bwinobwino, madzi adontha molunjika. Yachiwiri ndi imene imaimitsa mutu: aliyense woyenda mwa njira imeneyo akayeza liwiro la kuwala m'malo opanda kanthu, amapeza nambala imodzimodzi, mamita 299,792,458 pa sekondi, kaya akuthamangira kumene kuwalako kukuchokera kaya akukuthawa. Albert Michelson ndi Edward Morley anali atafunafuna kusiyana kwa liwiroli ku Cleveland mu 1887, koma sanakupeze. Tsono liwiro ndi mtunda wogawidwa ndi nthawi. Ngati anthu awiri oyenda mosiyana akugwirizana pa liwiro la kuwala, ayenera kusiyana pa mtunda ndi pa nthawi. Zina zonse zimachokera pamenepo.

Onaninso mawu aja: molunjika, pa liwiro losasintha. Ufulu wonena kuti "ine ndaima" uli ndi yekhayo amene sakukhota, sakuwonjezera liwiro ndipo sakulichepetsa. Wotsala padziko tingamuike m'gulu limeneli, poti kuzungulira kwa dziko n'kochepa kwambiri pa nkhani ino. Waulendo uja ayi. Kuti akumanenso ndi m'bale wake ayenera kuyatsa injini, kuima, n'kutembenuka, ndipo zimenezi amazimva m'thupi: mpando umamukankha, zinthu zimagwa pathebulo. Wotsala samva kalikonse. Choncho awiriwa sali pa mkhalidwe umodzi, ndipo waulendo sanganene kuti anangokhala phee ulendo wonse.

Yankho limeneli ndi loona, koma ine silindikhutiritsa likakhala lokha, ndipo ndikukayika ngati lingakhutiritse mwana wochenjera. Chimene chimathetsa mkangano ndi kuwerenga. Tiyeni tiwerenge limodzi, chifukwa izi mukhoza kuzilemba pabolodi mawa.

Tinene kuti pali nyenyezi imene kuwala kumatenga zaka 4 kuti kukafikeko. Roketi ikuyenda pa 0.8 ya liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 240,000 pa sekondi. Kwa wotsala, kupita ndi zaka 5, kubwera zaka 5, zonse pamodzi 10. Kuti tipeze za waulendo: 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.64, tikachotsa pa 1 patsala 0.36, ndipo square root ya 0.36 ndi 0.6. Wotchi yake iwerenga 0.6 ya zaka 10, zimene ndi zaka 6, zitatu popita ndi zitatu pobwera. Iye saona chachilendo pamenepa, chifukwa akayeza mtunda wokafika ku nyenyeziyo amapeza zaka 2.4 za kuwala osati 4, ndipo 2.4 kugawa ndi 0.8 ndi 3 ndendende.

Tsopano mapasawa agwirizane kuti aliyense azitumiza uthenga umodzi wa pa wailesi pakatha chaka chilichonse pa wotchi yake. Mauthengawa amayenda pa liwiro la kuwala. Pa liwiro la 0.8, awiriwa akamatalikirana, aliyense amalandira uthenga umodzi pa zaka zitatu zilizonse. Akamayandikirana, aliyense amalandira atatu pa chaka. Pamenepa palibe tsankho, lamulo ndi limodzi kwa onse, ndipo apa m'pamene ophunzira anu akunena zoona. Manambalawa akuphatikiza zinthu ziwiri, kusiyana kwa mawotchi ndi kutalika kapena kufupika kwa njira imene uthenga uliwonse ukuyenda.

Waulendo: pa zaka zitatu zopita alandira uthenga umodzi wokha. Akangotembenuka, nthawi yomweyo ayamba kukumana ndi mauthenga amene anali m'njira, atatu pa chaka, ndiye pa zaka zitatu zobwera alandira 9. Onse pamodzi 10. Akufika akudziwa kale kuti m'bale wake wakula ndi zaka 10.

Wotsala: roketi itembenuka pa chaka cha 5, koma iye sadziwa. Nkhani ya kutembenukako iyenera kuyenda zaka 4 kuti imufike. Choncho kwa zaka 9 amangolandira mauthenga ochedwa, umodzi pa zaka zitatu, onse pamodzi atatu. Chaka chimodzi chotsalacho alandira atatu mothithikana, kenako roketi yatera. Onse pamodzi 6.

Palibe uthenga wasowa, palibe amene wanamizidwa, ndipo onse awiri akuvomerezana: 10 ndi 6. Kusiyana kwabwera chifukwa waulendo amaona kusintha pakati penipeni pa ulendo wake, poti wasintha ndi iye mwini, pamene wotsala amakuona kumapeto. Mukafuna ntchito yowapatsa anawo, ayese 0.6 ya liwiro la kuwala ndi nyenyezi ya zaka 3. Mauthenga azifika umodzi pa zaka ziwiri potalikirana, awiri pa chaka poyandikirana, ndipo apeze zaka 10 ndi 8.

Funso lanu lachiwiri, lakuti kodi wotchi imachedwadi. Mawu oti "kuchedwa" amasokoneza, chifukwa munthu amaganiza kuti liwiro likuwononga china chake m'kati mwa wotchi. Wotchi ya m'roketi ilibe vuto. Waulendo akaiyang'ana, sekondi ndi sekondi. Mtima wake ukugunda monga mwa masiku onse, tsitsi likukula monga mwa masiku onse, ndipo sanapeze moyo wowonjezera: wadya chakudya cha zaka 6, wagona tulo ta zaka 6. Koma kusiyanako si kwa m'maso chabe, chifukwa mawotchi awiriwo akaikidwa pathebulo limodzi akuonetsa manambala osiyana, ndipo aliyense wobwera kudzaona awerenga zomwezo.

Ganizani za magalimoto awiri ochoka pamalo amodzi n'kukakumana pamalo ena, ina yadutsa njira yolunjika, ina yazungulira. Mita ya makilomita iwerenga zosiyana, koma palibe amene anganene kuti mita ina yawonongeka. Njira zake ndi zimene zinali zosiyana. Hermann Minkowski, amene anaphunzitsapo Einstein ku Zürich, anaonetsa mu 1908 kuti malo ndi nthawi tiyenera kuziona ngati chinthu chimodzi, ndipo wotchi ndi mita yoyeza kutalika kwa njira imene munthu wadutsa m'chinthu chimenecho. Chodabwitsa n'chakuti kuno zinthu n'zotembenuka: njira yolunjika, ya amene sanakhote, ndi imene ili ndi nthawi yambiri. Ndipo monga mmene makilomita owonjezera sabadwira pakona penipenipo koma m'njira yonse, zaka 4 zosowazo sizinathere pa mphindi yotembenuka. Kutembenuka kumangochititsa kuti njirayo ikhale ina.

Mwana wina adzafunsa kuti ndani anapitako n'kuona. Ndi anthu sizinachitike pa liwiro lotere, koma ndi tinthu ting'onoting'ono zimachitika tsiku lililonse. Ma muon amapangika m'mwamba, makilomita pafupifupi 15 kuchokera pansi, pamene tinthu tochokera kutali m'mlengalenga tiwomba mpweya. Muon yongokhala imatha pakapita pafupifupi ma microsecond 2.2, ndipo microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Pa nthawi yochepa chonchi ngakhale kuwala kumangoyenda mamita 660. Komabe ma muon ambirimbiri amafika pansi, chifukwa amathamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo kwa iwo nthawi imene yadutsa ndi yochepa poyerekeza ndi imene mawotchi athu awerenga. David Frisch ndi James Smith anawawerenga pamwamba pa phiri la Mount Washington komanso kufupi ndi nyanja, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1963 zinagwirizana ndi masamu a Einstein. Ku CERN, malo ofufuzira za tinthu totere pafupi ndi Geneva, m'ma 1970, ma muon ozunguliridwa m'makina anakhala ndi moyo kuwirikiza pafupifupi ka 29, ndendende mmene liwiro lawo limanenera.

Tibwere ku general relativity. Ambiri amati nkhani ya mapasa imafuna general relativity chifukwa muli kuwonjezera ndi kuchepetsa liwiro. Si zoona, mwaona kale kuti taimaliza popanda iyo. Special relativity imatha kuwerengera zinthu zosintha liwiro. Chimene imalephera ndi mphamvu yokoka, ija imene imagwetsa mwala pansi n'kusunga mwezi m'njira yake. Ntchito imeneyi inamutengera Einstein kuyambira 1907 mpaka November 1915, ndipo inayamba ndi ganizo lakuti munthu amene akugwa samva kulemera kwake. N'chifukwa chake a mu International Space Station amayandama. Sikuti kumeneko kulibe mphamvu yokoka: pa makilomita 400 kuchokera pansi idakali pafupifupi 90 peresenti ya imene tili nayo kuno. Iwo ndi chombo chawo akugwa limodzi mozungulira dziko, osalipeza.

Einstein anati zinthu zolemera zimapinda malo ndi nthawi, ndipo chinthu chosiyidwa chokha chimatsata njira yolunjika kwambiri imene ingapezeke m'malo opindikawo. Chithunzi chotchuka cha mpira wolemera pansalu yotambasula ine sindichikonda m'kalasi. Chimafotokoza mphamvu yokoka pogwiritsa ntchito mphamvu yokoka yomweyo, poti chimene chikukokera mpirawo pansi n'chiyani? Komanso chimabisa mbali yofunika kwambiri. Pa zinthu zoyenda pang'onopang'ono, monga mwala kapena pulaneti, kugwa kumachokera makamaka pa kupindika kwa nthawi: wotchi yapansi imawerenga nthawi yochepa poyerekeza ndi yam'mwamba. Robert Pound ndi Glen Rebka anatsimikiza zimenezi ku Harvard mu 1960 pa nsanja ya mamita 22.5. Mu 2010 akatswiri a ku NIST, bungwe la miyezo la ku America, ku Boulder anaona kusiyanako atangokweza wotchi imodzi masentimita 33. Maumboni ena otchuka ndingowatchula: kusuntha kwa njira ya Mercury kumene masamu a Newton analephera kufotokoza, kupindika kwa kuwala kwa nyenyezi pafupi ndi dzuwa kumene gulu la Arthur Eddington linayeza pa kadamsana wa pa 29 May 1919 ku Príncipe ndi ku Sobral, ndi mafunde a mphamvu yokoka amene makina a LIGO ku America anawagwira pa 14 September 2015.

Pano pali kusiyana kumodzi kumene ophunzira ayenera kukugwira. Anthu awiri akamadutsana pa liwiro losasintha, aliyense amawerengera kuti wotchi ya mnzake ndi imene ikutsalira. Pa nkhani ya pansi ndi pamwamba sizili choncho. Wapansi amati yam'mwamba ikufulumira, wam'mwamba amati yapansi ikutsalira, ndipo akuvomerezana kuyambira pachiyambi.

Zinthu ziwirizi zikakumana m'pamene pamakoma. Mu October 1971 Joseph Hafele ndi Richard Keating anakweza mawotchi anayi a caesium, amene amayeza nthawi molondola kwambiri pogwiritsa ntchito ma atomu, m'ndege wamba zonyamula anthu n'kuzungulira dziko kawiri. Ulendo wolowera kum'mawa mawotchiwo anatsalira ndi ma nanosecond pafupifupi 59 poyerekeza ndi otsala ku US Naval Observatory (nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi). Wolowera kumadzulo anapitirira ndi pafupifupi 273. Afunseni anawo chifukwa chake musanawauze. Yankho ndi lakuti wotchi ya pansi nayonso ikuyenda, poti dziko limazungulira cha kum'mawa. Ndege yopita kum'mawa ikuwonjezera pa liwiro limenelo, yopita kumadzulo ikuchotsapo, ndipo kukwera m'mwamba kukufulumizitsa mawotchi pa maulendo onse awiri.

Masetilaiti a GPS ali pa makilomita pafupifupi 20,200 ndipo amayenda makilomita pafupifupi 14,000 pa ola. Liwiro limachititsa mawotchi awo kutsalira ndi ma microsecond 7 pa tsiku, kutalikirana ndi dziko kumawachititsa kupitirira ndi 45, ndiye amapitirira ndi 38. Ku International Space Station n'zotembenuka, chifukwa ili pafupi ndipo imathamanga kwambiri: amene wakhalako miyezi 6 amabwera atatsalira ndi pafupifupi 0.005 ya sekondi. Ma microsecond 38 angaoneke ochepa, koma GPS imayeza mtunda poyeza nthawi, ndipo kuwala kumayenda makilomita oposa 11 pa nthawi imeneyo. N'chifukwa chake mawotchi a masetilaitiwa amatcheredwa dala kuti azigunda pa 10.22999999543 MHz m'malo mwa 10.23 MHz (MHz imodzi ndi kugunda ka miliyoni pa sekondi), kuti akakhala kumwambako azigwirizana ndi a pansi pano.